Dzanja lolandira, dzanja lopereka: phunziro la borrow ndi lend ku Lirangwe

Pa aneni onse a Chingerezi amene amapunthwitsa ana a sukulu kuno kwathu, borrow ndi lend ndiwo ali patsogolo. Mawu akuti "borrow me your pen" amamveka m'kalasi, m'minibasi, pa mzere wa kubanki, ngakhale mu ofesi mwa anthu omanga mataye. Wolankhulayo amatanthauza kuti "ndibwerekeko cholembera", ndipo womumva amamvetsa bwinobwino n'kupereka. Koma Chingerezi cha m'mabuku, chomwe a MANEB ku Zomba amayang'ana pochonga mayeso, chimati "lend me your pen", apo ayi "may I borrow your pen". Kudzudzula cholakwikachi aliyense amatha. Kuchichotsa m'kamwa mwa mwana wa zaka 12 kuti chisadzabwererenso ndiye ntchito, ndipo ntchitoyi ili ndi amisiri ake.

Mmodzi wa amisiriwo ndi mayi wina wophunzitsa Sitandade 7 pa sukulu ina ya pulayimale kufupi ndi msika wa Lirangwe, pa msewu waukulu wochoka ku Blantyre kulowera ku Zalewa, mukadutsa Lunzu ndi Matindi. Ana amangowatchula kuti Madamu. Kalasi yawo ndi ya mtundu umene tinauzolowera chiyambire 1994, pamene sukulu ya pulayimale inakhala yaulere: ana ochuluka kuposa madesiki, bolodi la simenti lopakidwa utoto wakuda pakhoma, buku limodzi kugwirizira atatu kapena anayi. Zipangizo za phunziroli zimakwana m'jumbo imodzi: rula, chipande, choko choyera, kachidutswa ka choko chachikasu, timakadi todula pa katoni ya sopo, ndi kachingwe kosolola pa thumba la feteleza. Aphunzitsi ali nalo dzina la kachitidwe kameneka, amati TALULAR, kutanthauza kuphunzitsa ndi zinthu zopezeka pomwepo. Chimene chimandigwira mtima ine ndi ndondomeko imene zinthuzo zimatulukira m'jumbomo, poti palibe chimene chimatuluka nthawi yake isanakwane.

Poyamba salemba kanthu pa bolodi, ndipo satchula liwu lililonse la Chingerezi. Amaitana ana awiri kutsogolo, tinene kuti Mphatso ndi Chikondi, n'kuwaimika motalikirana, wina kumanzere kwa bolodi, wina kumanja. Amawerama n'kujambula mzere wa choko pansi, pakati pa awiriwo. Rula amapatsa Mphatso, n'kufunsa kalasi kuti, "Mwini wake wa rulayu ndani?" Akutsogolo akayankha amafunsanso, mpaka akumbuyo nawonso atsegule pakamwa. Funsoli limaoneka lachibwana, komatu phunziro lonse latsamira pamenepa: mwana amene sanagwire kuti mwini chinthu ndani amasochera pa zonse zotsatira. Kenaka amakodola Chikondi kuti atambasule dzanja, rula n'kuwoloka mzere uja pang'onopang'ono, maso onse ali pomwepo.

"Chachitika n'chiyani?" Mayankho amabwera m'Chichewa, ndipo Madamu amawalola dala. Wina amati, "Chikondi wabwereka rula." Wina amati, "Mphatso wamubwereka rula." Iwo amalemba ziganizo ziwirizi, china pansi pa chinzake, n'kuzunguliza kaphatikizo kamodzi kokha, ka -mu-. Apa ndi pamene pagona nkhani. M'Chichewa mneni ndi mmodzi, kubwereka, ndipo amagwira ntchito mbali zonse ziwiri. Ndikati "ndabwereka khasu", khasulo labwera kwa ine. Ndikati "ndamubwereka khasu", lachoka kwa ine. Kaphatikizo koimira munthu kakangolowa m'kati mwa mneni, katunduyo amatembenuka njira. Tilinso ndi kubwereketsa, msintho wochititsa, koma pocheza ambiri timangoti "ndibwereke". Choncho mwana wonena kuti "borrow me" sakulankhula zopanda mutu. Watenga ndi- wa mu "ndibwereke" n'kumusandutsa me, motsatira lamulo lenileni la chiyankhulo chake. Madamu zimenezi amazidziwa, n'chifukwa chake simungawamve akumuseka kapena kumukalipira. Amangoti, "Chichewa chako chili bwinobwino, mwanawe. Tsopano tione mmene Chingerezi chimayendera."

Ndiye amatembenukira ku manja. Amatambasula dzanja lamanja, kufumbata, n'kulikokera pachifuwa uku akuti "borrow from". Kenaka amayambira pachifuwa n'kulikankhira kutsogolo, chikhatho chili chotambasula, uku akuti "lend to". Kalasi yonse imaimirira n'kutsanzira. Amayamba mwachifatse, kenaka mothamanga, kenaka mosokoneza dala, lend to kawiri motsatizana pamene ana amayembekezera borrow from. Nthawi zina amangoyendetsa dzanja ali chete, ana n'kutchula mawu. Nthawi zina amatchula mawu manja ali kumbuyo, ana n'kuyendetsa manja. Wosokoneza amaonekera patali, poti dzanja lake limalowera kwina anzake akulowera kwina. M'kalasi ya ana ochuluka chonchi, sindidziwa njira ina yoonera mutu wa aliyense pa kamphindi kamodzi popanda kutsegula kope ngakhale limodzi.

Taonaninso kuti satchula mneni payekha. Borrow amatuluka ndi from wake, lend ndi to wake, mpweya umodzi. From ndi to ndi aperekezi, timawu tating'ono toima pafupi ndi dzina n'kusonyeza mmene dzinalo likukhudzirana ndi zochitikazo. From amaloza kochokera, to amaloza kopita. Ntchito yawo ndi ija ya woitanira minibasi pa siteji ya Lirangwe: galimoto ndi yomweyo, koma iye ndi amene amakuuza ngati ikulowera ku Lunzu kapena ku Zalewa. Vuto n'lakuti Chichewa chili ndi mperekezi mmodzi, kwa, pa ntchito ziwiri zonsezi. Timati "ndatenga kwa amayi", timatinso "ndapereka kwa amayi", ndipo palibe amene amasokonezeka chifukwa mneni wanena kale zonse. Mwana akamafuna kwa wa Chingerezi amapeza alipo awiri, ndiye amangotola amene wayandikira: "I borrowed it to him", "she lent it from me". Mukamuphunzitsa mneni lero, mperekezi mawa, mwamusiyira mpata wotola. Madamu mpatawo amautseka tsiku loyamba lomwelo.

Tsopano timakadi tija timatuluka. Kalikonse kali ndi mawu ake olembedwa m'zilembo zikuluzikulu: Mphatso, Chikondi, a ruler, borrowed, lent, from, to. Amagawira ana 7 n'kuwauza kuti asanjane apange chiganizo cha zimene aona. Choyamba chimakhala "Chikondi borrowed a ruler from Mphatso". Madamu amachikopera pa bolodi ndi choko choyera, koma akafika pa from amaika choyeracho pansi n'kutola chachikasu. Choko chachikasucho sachilembera china chilichonse teremu yonse koma aperekezi okha, ndipo diso la mwana limazolowera kuti pamene pali chikasu sipodumpha. Pamwamba pa chiganizocho amajambula muvi wochoka pa dzina la mwini rula kupita pa dzina la wolandira.

Kenaka amachotsa wonyamula borrowed n'kulowetsa wa lent, osanena kanthu. Mzere uja tsopano ukuti "Chikondi lent a ruler from Mphatso". Iwo amaima pambali n'kudikira. Kudikira kumeneku ndi luso palokha, ndipo aphunzitsi ambiri sakupirira, amangofulumira kunena yankho. Manong'onong'o amayamba, mpaka wina amafuula kuti from achoke. From amachoka, to amalowa: "Chikondi lent a ruler to Mphatso". Chingerezi chake chilibe banga, koma chiganizocho n'chabodza, poti rula si wa Chikondi. Madamu amangoloza rula amene akadali m'manja mwa Chikondi n'kubwereza funso la mwini wake. Apo ndi pamene onyamula maina awiri aja amazindikira kuti ayenera kusinthana malo, ndipo amadutsana pamaso pa kalasi yonse: "Mphatso lent a ruler to Chikondi". Zinthu zitatu zasintha pamodzi, mneni, mperekezi ndi mwininkhani, pomwe rula sanasunthe. Muvi wa chiganizo chachiwirichi umachoka kwa mwininkhani kuloza kutsogolo, pamene wa choyamba chija unkabwerera kwa iye. Ndi manja omwe aja, koma tsopano ali pa bolodi.

Gawo lovuta amalisungira kumapeto. Chingerezi chimalola lend kutaya to wake, bola wolandirayo asendere pafupi ndi mneni: "lend a pen to me" ndi "lend me a pen" ndi chinthu chimodzi. Give, send ndi show amachitanso chimodzimodzi. Ndiye mwana wanzeru amadzifunsa kuti, ngati "lend me" n'zololedwa, "borrow me" walakwanji? Apa ndi pamene kachingwe kaja kamatuluka. Madamu amaboola kadi ya borrowed ndi ya from ndi nsonga ya kampasi, n'kuzimangirira pamodzi, kusiya utali wongokwana kuti wonyamula a ruler aime pakati. Ku chiganizo cha lent amauza wa to kuti akakhale pansi, wa Chikondi n'kusendera pafupi ndi mneni: "Mphatso lent Chikondi a ruler". Zatheka. Akayesa zomwezo ndi from, chingwe chimakoka borrowed, mzere wonse n'kuphwasuka, kalasi n'kufa nacho chiseko. Lamulo amalinena zitatha izi, m'mawu ochepa: chotsatira borrow chikhale chinthu osati munthu, ndipo mwini wake akafuna kutchulidwa adzere kwa from.

Pali zina zimene sanena, ndipo pamenepo ndimawayamikira kwambiri. Kwa Mngelezi, "borrow me a pen" ikhoza kumveka kuti "kandibwerekere cholembera kwa wina". Borrow amayendanso ndi aperekezi ena, monga against, ponena za chikole chimene munthu waika kuti apeze ngongole. Zonsezi n'zoona, koma kuzitchula tsiku limeneli n'kusokoneza ana amene angogwira kumene lamulo limodzi. Akazipeza ku sekondale.

Mphindi zingapo amazipereka ku lilime. M'Chichewa l ndi r sasiyanitsa matanthauzo a mawu. Malamulo a kalembedwe amangoti r alembedwe potsatira i kapena e, l pena paliponse. N'chifukwa chake m'makope mumapezeka bollow, popeza potsatira o dzanja la mwana linazolowera l. Zoopsa kwambiri zili pa lent ndi rent. Loyamba ndi kubwereketsa, lachiwiri ndi lendi ija timalipira nyumba pakutha pa mwezi. Madamu amayasamula kuti ana aone nsonga ya lilime ikugunda kuseri kwa mano akumwamba pa lent, kenaka ikubwerera m'mbuyo osakhudza pena paliponse pa rent. Ana amayang'anizana awiriawiri, wina kutchula, mnzake kuloza pa bolodi liwu limene wamva. Za nthawi yakale amadutsapo mwachangu: lended kulibe, kuli lent, ndipo amamusanja pamodzi ndi send ndi sent, spend ndi spent, bend ndi bent, kuti khutu ligwire lokha.

Chipande ndi chimene chimatsegula nkhani ya ndalama. Amachikweza m'mwamba n'kufunsa ngati chimabwerekedwa kapena chimakongoledwa. Ana amaseka, nanga ndani anakongolapo chipande? Kenaka amatulutsa K500 n'kufunsa funso lomwelo. Apa Chichewa ndicho chimasiyanitsa zinthu bwino kuposa Chingerezi. Chimene udzabweze chomwecho, chipande, njinga, khasu, umabwereka. Chimene udzabweze china cholingana nacho, makamaka ndalama, umakongola, ndipo wokupatsayo wakukongoza, ngakhale ambirife timatinso "kubwereka ndalama" pofuna kufewetsa nkhani. Chingerezi chilibe nazo ntchito zimenezo, borrow from ndi lend to ndi omwewo pa chipande ndi pa ndalama. Koma Madamu amafuna china pa kukongola ndi kukongoza: ndi aneni awiri osiyana, wina wa wolandira, wina wa wopereka, ndendende mmene Chingerezi chikufunira. Ana ambiri amayi awo ali m'banki m'khonde, ndipo amadziwa bwino lomwe kuti tsiku lobweza wokongola ndi wokongoza sasinthana maina. "My mother borrowed K20,000 from the group." "The group lent K20,000 to my mother." Ziganizo zotere zimatuluka ngakhale kwa ana amene anali duu pa nkhani ya rula.

Chisokonezochi si chathu chokha. Chiafrikaans chili ndi mneni mmodzi, leen, pa kubwereka ndi kubwereketsa, ndipo Amalawi ogwira ntchito ku Johannesburg ndi ku Cape Town amaimva "borrow me" tsiku ndi tsiku. Chijeremani chili ndi leihen, Chiswedishi chili ndi låna, onse ogwira mbali ziwiri, ndipo ku Minnesota ndi ku Wisconsin m'dziko la America, kumene kunakhazikika anthu ambiri ochokera ku Germany ndi ku Scandinavia, "borrow me" imamveka mpaka lero. M'madera ena a ku Britain komweko amalakwitsa motembenuza, amati "can I lend your pen" akufuna kubwereka. Borrow mwiniwakeyo anachokera ku liwu la Chingerezi chakale lakuti borg, lomwe linkatanthauza chikole, kotero poyamba kubwereka kunali kutenga chinthu utasiya chotsimikizira kuti udzabweza. Komabe wochonga mayeso sawerengera zimenezi. Ana a Madamu chaka chamawa adzalemba PSLCE, ndipo amene adzafike Fomu 4 adzapeza kuti satifiketi ya MSCE siituluka ngati walephera Chingerezi, kaya masamu ndi sayansi wakhoza chotani.

Ntchito yolemba amaikonza kuyambira pa chophweka. Ziganizo zoyamba zili ndi mperekezi kale, mwana angoikapo mneni. Zotsatira zili ndi mneni, mpata uli pa mperekezi. Zomaliza zilibe zonse ziwiri, ndipo yankho limapezeka pokhapokha mwanayo atawerenga n'kupeza mwini katundu: njinga yanga inawonongeka, ndiye ndinachita chiyani ndi ya amalume? M'kati mwa zomalizazi amabisamo chimodzi chosafuna mperekezi n'komwe, cha mtundu wa "can you lend me your book", kuti agwire amene akungodzaza mipata mwachizolowezi. Ana akamalemba mumaona manja akugwedera pansi pa madesiki, kukokera pachifuwa, kukankhira kutsogolo, ndipo Madamu saletsa.

Pochonga, bolopeni yawo yofiira siidula mneni wolakwika. Amajambula kamuvi pansi pa chiganizo monga mmene mwanayo wachilembera, n'kumuitana. "Tawerenga muvi wakowu. Njinga yapita kwa ndani?" Mwanayo amayang'ana, amaona kuti wapereka kwa amalume njinga yawo yomwe, n'kukonza yekha ndi pensulo. Njira imeneyi imadya nthawi, ndipo mulu wa makope sutha msanga. Ubwino wake ndi wakuti cholakwika chimene mwana wachiona yekha sachedwa kuchizindikira akadzakumana nachonso.

Kumene aneni awiriwa amakathera kuli kunja kwa kalasi. Mukabwerera cha ku Blantyre n'kukhota pa Kameza kulowera ku Chileka, mupeza timashopu totayipa ndi kufotokopa, ndipo m'kamodzi mwa ito muli mnyamata wa pa kompyuta amene ntchito yake ndimaiyamikira chimodzimodzi. Anthu amamubweretsera mapepala olembedwa pamanja, makalata ofunsira ntchito, madandaulo, mapangano a ngongole. Bambo wina wachikulire anabwera ndi pepala lothothola m'kope, ndipo chiganizo chake choyamba chinali ndi "I have borrowed", kenaka dzina la munthu, kenaka K300,000. Mnyamatayo sanayambe kutayipa. Anasalaza pepalalo ndi chikhatho, n'kuika chala pansi pa mneni.

"Bambo, ndalamazi zinatuluka m'thumba mwa ndani?"

"Mwanga, mwana wanga. Ndinagulitsa mbuzi."

"Ndiye mmene lalembedweramu, wina akhoza kulipotoza kuti angongole ndinu."

Anali kunena zoona. Pepala lotere likafika kwa amfumu kapena ku khoti, chiganizo chosamveka bwino chimapatsa mpata wokana ngongole. Iye anatayipa ziganizo ziwiri m'malo mwa chimodzi. Cha bambowo chinali ndi "I have lent K300,000 to", kutsatira dzina la wokongolayo. Cha wokongolayo chinali ndi "I have borrowed K300,000 from", kutsatira dzina la bambowo, kuti aliyense asaine pansi pa mneni wake. Ndalamazo anazilemba m'manambala ndi m'mawu omwe. Kunsi anajambula mizere iwiri, pansi pa wina Lender, pansi pa wina Borrower, n'kuwonjezera wachitatu wa mboni. Kenaka anatembenuzira sikirini kwa bambowo n'kuwawerengera zonse m'Chichewa, chala chikuyenda pa mzere uliwonse: wokongoza ndinu, wokongola ndi awa.

Asanasindikize anaimanso pa tsiku lobweza. Pepala la pamanja lija linkati "on 30 June". Anawafotokozera kuti on akutanthauza tsiku lomwelo basi, pomwe by akutanthauza tsiku lililonse bola 30 June isadutse, ndipo wokongolayo akapeza ndalama msanga atha kubweza popanda kudikira. Bambowo anaganiza pang'ono n'kusankha by, ndipo mnyamatayo anasindikiza mapepala awiri, lina la iwo, lina la wangongoleyo.